Malonda a Chigoba cha Nzeru

Pakati pa chaka cha 1983 ndi chaka cha 1987, m'dziko la America mudabuka malonda amene munthu wozolowera msika wa nsomba ndi nyemba akadawamva akadangopukusa mutu. Makampani akuluakulu opanga magalimoto, ndege ndi mankhwala ankalipira madola 50,000, kapena kuposa pamenepo, pogula pologalamu ya kompyuta imene pa tsiku loigula inali yosadziwa kanthu. Ogulitsa sankabisa zimenezi ayi. Ankanena poyera kuti katundu wawoyo ndi chigoba chabe, ndipo kuti nzeru zothiramo wogula akazifune yekha kwa akatswiri a pa ntchito pake.

Zigoba zimenezi zidayesedwa kambirimbiri. Anthu ophunzira bwino adazilinganiza, adazipatsa malikisi, adalemba mabuku osonyeza chimene chaposa chinzake, ndipo zambiri zidakhoza mayesowo mopatsa kaso. Koma zisadathe zaka khumi, makampani ozigulitsa adali atagwa, atagulidwa ndi anzawo, kapena atasiya malondawo n'kuyamba ena. Mphunzitsi aliyense amadziwa mwana amene adakhoza bwino pa pepala n'kukalephera ntchito. Kawirikawiri wolakwa sakhala mwanayo, koma mafunso amene adafunsidwa. Ndi mmene zidayenderanso ndi zigoba izi.

Ganizoli lidabadwira ku yunivesite ya Stanford, m'chigawo cha California. M'chaka cha 1965 a Edward Feigenbaum, katswiri wa makompyuta, adagwirizana ndi a Joshua Lederberg, amene adali atalandira kale mphoto ya Nobel, kuti apange pologalamu yotchedwa DENDRAL, yothandiza akatswiri a kemisitiri kuzindikira kapangidwe ka mankhwala osadziwika. Chimene adatolapo pa ntchitoyo chidali chakuti mphamvu ya pologalamu yotere simakhala m'kuchenjera kwa kalingaliridwe kake, koma m'kuchuluka kwa zimene ikudziwa pa ntchito imodzi yopapatiza. Mapologalamu a mtundu umenewu adapatsidwa dzina lakuti expert system, ndiye kuti pologalamu yoima m'malo mwa katswiri.

Yotchuka koposa idali MYCIN, imene a Edward Shortliffe adayamba kupanga pa Stanford pomwepo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Dzina lake lidachokera ku mathero a maina a mankhwala onga streptomycin, uja ankabaya odwala chifuwa chachikulu. Ntchito yake idali kulangiza dokotala za mankhwala oyenera wodwala amene ali ndi tizilombo m'magazi kapena matenda oumitsa khosi. Nzeru zake zidali m'malamulo pafupifupi 600, ndipo lamulo lililonse linkayenda motere: ngati kachilombo kali kooneka ngati kandodo, ndipo sikagwira utoto wa Gram, ndipo kamakula popanda mpweya, ndiye kuti pali umboni ndithu wakuti ndi ka mtundu wakutiwakuti. Umboniwo unkapatsidwa nambala, kuyambira pa kukana kotheratu mpaka pa kuvomera kotheratu. Pologalamuyo inkayamba ndi funso lalikulu n'kumabwerera m'mbuyo kufunafuna umboni, monga achitira mfumu pa bwalo, imene imayamba yamva mlandu ndipo pambuyo pake n'kuitana mboni imodziimodzi. Dokotala akadabwa ndi funso lina, ankatha kuifunsa chifukwa chake, ndipo iyo inkamuonetsa lamulo limene ikulondola.

M'chaka cha 1979 magazini ya bungwe la madokotala a ku America idafalitsa zotsatira za mayeso amene MYCIN idalemba. Nkhani za odwala khumi a matenda oumitsa khosi zidaperekedwa kwa pologalamuyo ndiponso kwa madokotala a ku Stanford. Mayankho onse adatumizidwa kwa akatswiri 8 a kunja, osawauza kuti yankho ili ndi la munthu, ili ndi la makina. Mayankho a MYCIN adavomerezedwa pa 65 mwa 100 alionse, pamene madokotala asanu ophunzitsa pa yunivesiteyo adapeza pakati pa 42.5 ndi 62.5. Kudali kukhoza kosakayikitsa. Komatu MYCIN sidalowepo m'wodi ya chipatala chilichonse kukagwira ntchito. Inkayenda pa kompyuta yaikulu ya kutali, dokotala ankayenera kukhala pansi theka la ola akutayipa mayankho amene adali kale m'mafayilo a wodwala, ndipo padalibe amene akadanena kuti wodwala akafa, woimbidwa mlandu ndani. Chenjezo loyamba lidali limeneli, koma ndi ochepa amene adalimva.

Chimene anthu adachiona chidali china. Wophunzira wina wa pa Stanford, a William van Melle, adazindikira kuti malamulo a zachipatala aja angathe kuchotsedwa onse, n'kutsala gawo lofunsa mafunso ndi kulumikiza malamulo. Chotsalacho adachitcha EMYCIN, ndipo ambiri ankamasulira chilembo choyambacho kuti chikuimira liwu la Chingerezi lotanthauza kupanda kanthu. Chigoba choyamba chidali chimenechi. Atathiramo malamulo a matenda a m'mapapo mudatuluka pologalamu yotchedwa PUFF, imene idagwiradi ntchito pa chipatala cha Pacific Medical Center ku San Francisco. Pali kanthu kena ka PUFF kamene amalonda sadafune kukakumbukira: malamulo ake atakhwima, adalembedwanso m'chilankhulo chapafupi cha makompyuta chotchedwa BASIC, kuti ayende pa makina aang'ono a chipatalacho. Chigoba chidathandiza pomanga, koma nyumba itaima, chidachotsedwa ngati makwerero.

Mayeso oyamba olinganiza zigoba adachitika m'chaka cha 1980 pa msonkhano wa akatswiri ku San Diego. Adatenga vuto lenileni la ku Oak Ridge National Laboratory, malo a boma ofufuzirapo za sayansi ku Tennessee, kumene kuli nyumba zambirimbiri zimene ngalande zake zimathira m'kamtsinje ka White Oak Creek. Mafuta kapena mankhwala oopsa akaoneka m'madzimo, mlonda wa usiku atani? Adziwe bwanji chimene chatayika, alondole ngalande iti, adzutse ndani? Vuto lomweli lidaperekedwa kwa magulu 8, gulu lililonse ndi chida chake, monga EMYCIN, OPS5, ROSIE ndi KAS, ndipo adapatsidwa masiku owerengeka. Zotsatira zake zidalembedwa m'buku lotchedwa Building Expert Systems, limene lidatuluka m'chaka cha 1983. Zidaoneka kuti chida chilichonse chimakokera vuto ku kalingaliridwe kake, kotero kuti palibe chida chokomera ntchito zonse. Idali ntchito yaulemu ndi yoona mtima. Koma chida chilichonse chidali m'manja mwa anthu ochidziwa bwino, ena mwa iwo eni ake ochipanga, ndipo mpikisano wa masiku ochepa sungathe kuonetsa chimene chidzachitike pakapita zaka zitatu, ngalande zitasinthidwa ndipo wopanga pologalamu atasamukira kwina.

Ndalama zidayamba kununkhira chifukwa cha kampani ya Digital Equipment Corporation, yodziwika kuti DEC. Makompyuta ake a VAX sankagulitsidwa athunthu. Wogula aliyense ankasankha zigawo zake, ndipo ogulitsa ankalakwitsa kawirikawiri, mwina kuiwala waya, mwina kuphatikiza zigawo zosagwirizana. A John McDermott a ku yunivesite ya Carnegie Mellon adapanga pologalamu yoona oda iliyonse ndi kuikonza. Iwo adaitcha R1, kampaniyo n'kuitcha XCON, ndipo idayamba ntchito m'chaka cha 1980. Iyi inkayenda mosiyana ndi MYCIN: inkayamba ndi zimene zilipo n'kumaonjezera chotsatira, monga mmisiri womanga nyumba. Pofika 1986 idali itaona maoda 80,000, ndipo ndalama zimene inkapulumutsa pa chaka zinkayerekezedwa pakati pa madola 25 miliyoni ndi 40 miliyoni, malinga ndi amene akuwerengera.

Apa mpamene liwiro lidayambira. Boma la Japan lidakhazikitsa ntchito ya zaka khumi yopanga makompyuta oganiza m'chaka cha 1982. Poopa kutsalira, Britain idayambitsa yake yotchedwa Alvey m'chaka cha 1983, ndipo nthambi yofufuza za asilikali a America idachitanso chimodzimodzi chaka chomwecho. Makampani anayi adatsogola pa malonda a zigoba. IntelliCorp idatulutsa KEE m'chaka cha 1983; Teknowledge idali ndi S.1 ndi M.1; Inference Corporation ya ku Los Angeles idali ndi ART; Carnegie Group ya ku Pittsburgh idali ndi Knowledge Craft. A Feigenbaum adali mmodzi wa oyambitsa makampani awiri oyambawo. General Motors idagula gawo la Teknowledge, Ford n'kuthira ndalama mu Inference ndi Carnegie Group. Tsono zigoba zikuluzikuluzi zidalembedwa m'chilankhulo cha Lisp, chimene chinkafuna makina akeake, opangidwa ndi makampani onga Symbolics ndi Lisp Machines Incorporated. Makina amodzi otere, ogwiritsa munthu mmodzi, mtengo wake unkafika pafupi ndi madola 100,000. Pa msonkhano wa akatswiri wa chaka cha 1984 anthu ena, monga a Roger Schank, adachenjeza kuti malonjezo achuluka kuposa zochitika, ndipo kuti kutsogolo kuli chilala. Paja akuluakulu adati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Koma ndani akadamvera pamene maoda ankabwera tsiku ndi tsiku?

Wogula wa masiku amenewo ankasankha chida poyang'ana ndandanda. M'magazini ndi m'timakalata ta akatswiri munkatuluka mizere yaitali: kodi chidachi chimalingalira chobwerera m'mbuyo, kapena chopita m'tsogolo, kapena zonse ziwiri? Kodi chimatha kusanja zinthu m'magulu, kuti mwana atengere makhalidwe a kholo? Kodi chimatha kuyesa njira zingapo nthawi imodzi? Kodi chimajambula zithunzi pa galasi? Chida chokhala ndi zizindikiro zambiri zovomera ndicho chinkapambana, ndipo popeza KEE ndi ART zidali nazo pafupifupi zonse, mtengo wake unkaoneka woyenera. Kunena zoona, zidali zida zokongola, ndipo zina zimene zinkachita m'chaka cha 1985 amisiri a mapologalamu adadzazipeza m'zida wamba patapita zaka zambiri. Koma ndandandazo zinkafunsa zimene zili zosavuta kuwerenga. Mafunso atatu amene adadzapha malondawo sankapatsidwa malo oyamba.

Loyamba lidali lakuti, nzeruzo zilowa bwanji m'chigoba? Padayenera kukhala munthu wapakati, wokhala ndi katswiri miyezi yambiri, kumufunsa ndi kusandutsa mayankho ake kuti akhale malamulo. A Feigenbaum eni ake adavomereza kuti apa ndi pamene njira idapapatizira. Katswiri weniweni amadziwa zambiri zimene sangathe kuzinena. Mayi wophika nsima amadziwa nthawi yothira ufa, koma mukamufunsa lamulo lake angokuuzani kuti phala limaoneka lokha. Makaniko wakale amamva kulira kwa injini n'kudziwa pamene pavuta. Mukamuumiriza kuti anene lamulo, adzanena limene adaphunzira ali wamng'ono, limene iye mwini adaleka kalekale kulitsata. Komanso katswiri woyenera kufunsidwa ndi yemweyo amene kampani singathe kum'chotsa pa ntchito kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ndipo si onse amene ankakondwa kukhuthula nzeru zawo m'makina amene mawa angawalande ntchito. Motero ndalama zogulira chigoba zidali kachigawo kakang'ono ka ndalama zonse zofunika.

Lachiwiri lidali lakuti, adzazisamala ndani? Yankho lidachokera ku XCON yomwe ija, chitsanzo chimene ogulitsa onse ankanyadira. Idayamba ndi malamulo osafika 1,000. Pofika chaka cha 1987 idali nawo 6,200, ndipo anthu oisamala adalemba kuti pafupifupi theka la malamulowo linkasinthidwa chaka chilichonse, pakuti DEC inkatulutsa zigawo zatsopano kosalekeza. Ogulitsa zigoba ankalalika kuti lamulo lililonse limaima palokha, kotero kuti kuonjezera nzeru ndi kungoonjezera lamulo. Pa malamulo 50 zimenezi n'zoona. Pa malamulo zikwizikwi, olembedwa ndi anthu osiyanasiyana m'zaka zosiyanasiyana, kukhudza limodzi kunkagwedeza ena amene wokonzayo sankawadziwa n'komwe. DEC idachita kukonza njira yatsopano yolembera malamulo, yotchedwa RIME, ndi kusunga gulu lalikulu la antchito pa ntchito imeneyi yokha. DEC idali ndi mphamvu zotero. Kampani wamba, imene idagula chigoba ndi kutumiza anyamata awiri ku maphunziro a sabata ziwiri, idalibe.

Lachitatu lidali lakuti, pologalamuyo idzayenda pa makina ati? Mabuku a ndalama, maina a makasitomala ndi kaundula wa katundu zidali pa makompyuta akuluakulu a IBM, m'zilankhulo zonga COBOL. Makina a Lisp ankakhala pakona paokha, osalankhulana ndi anzawo, ngati mlendo wosadziwa chilankhulo cha pamudzi. M'chaka cha 1987 bungwe la RAND lidatulutsa lipoti, lolembedwa ndi a Jeff Rothenberg ndi anzawo, lolangiza kuti chida chiziyesedwa molingana ndi ntchito imene chikukagwira ndiponso nthawi yonse ya moyo wa pologalamu, mpaka pa kuisamala. Adali malangizo anzeru. Adafika chaka chimene msika unkagwa.

Chimene chidakankha khomalo chidachokera pansi. Bungwe la NASA, ku Johnson Space Center mu mzinda wa Houston, lidali litagwiritsa ntchito ART ndi kuikonda, koma lidatopa ndi mtengo wa Lisp ndi kuvuta kwa kuilumikiza ndi mapologalamu ena. M'chaka cha 1985 antchito ake adalemba chigoba chawochawo m'chilankhulo cha C, chotengera kalembedwe ka ART, ndipo adachitcha CLIPS. Chidalibe zokongoletsa zambiri, koma chinkayenda pa kompyuta iliyonse, ndipo chaka chotsatira chidayamba kuperekedwa kwa anthu a kunja pa mtengo wochepa. Cha m'ma 1987 kampani ya Paperback Software ya a Adam Osborne inkagulitsa chigoba chotchedwa VP-Expert pa madola 100. Kampani ya mankhwala ya DuPont idasankha njira imeneyi: m'malo momanga chinyumba chimodzi cha nzeru, idagawira amisiri ake zigoba zotsika mtengo ndi kuwaphunzitsa kuti aliyense adzilembere malamulo a ntchito yake. Pofika 1988 idali ndi timapologalamu pafupifupi 100 togwira ntchito ndi ena 500 ali m'njira. Katswiri akamadzilembera yekha, munthu wapakati uja safunikanso, ndipo wosamala malamulo ndi mwini wake yemweyo. Nthawi yomweyo makompyuta wamba a kampani ya Sun adafika poyendetsa Lisp mwa liwiro lokwanira pa mtengo wochepa kwambiri, ndipo ankagwiranso ntchito zina zonse.

Lisp Machines Incorporated idagwa m'chaka cha 1987. Symbolics idalimbana ndi ngongole zaka zingapo mpaka idathawira ku khoti m'chaka cha 1993. Teknowledge idaphatikizana ndi American Cimflex m'chaka cha 1989. Carnegie Group idasanduka kampani yolembera ena mapologalamu, ndipo idagulidwa ndi Logica ya ku Britain m'chaka cha 1998, chaka chomwe DEC yeniyeniyo idamezedwa ndi Compaq. Inference idatembenukira ku mapologalamu othandiza oyankha mafoni a makasitomala, ndipo eGain idaigula m'chaka cha 2000. IntelliCorp idapirira kuposa anzake, koma popanga zida zothandiza makampani ogwiritsa ntchito mapologalamu a SAP, ntchito yosakhudzana ndi maloto aja.

Nanga mapologalamu amene adamangidwa ndi zigobazo adathera kuti? A T. Grandon Gill adalondola mapologalamu 97 amene adamangidwa chisadathe chaka cha 1987, ndipo zimene adapeza zidafalitsidwa m'magazini ya MIS Quarterly m'chaka cha 1995. Pofika 1992, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndilo lidali lamoyo ndi lamphamvu. Ambiri adali atasiyidwa. Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa osiyidwawo sadafe chifukwa cholakwitsa mayankho, kapena chifukwa chosapindulitsa. Ena adakanidwa ndi antchito amene adayenera kuwagwiritsa ntchito. Ena adafa pamene wowapanga adapeza ntchito kwina, popanda wina wodziwa za m'kati mwake. Ena adalibe wowalandira pamene gulu lomanga lidatsiriza ntchito yake, ndipo ena adafa chifukwa bwana watsopano adabwera ndi zofuna zatsopano. Palibe ndi chimodzi chomwe mwa zifukwa izi chimene chikadaoneka pa ndandanda ya zimene chida chimatha kuchita. Mwina n'kupanda chilungamo kudzudzula oyesa aja kwambiri, pakuti adayesa chimene chidaikidwa patsogolo pawo; koma wogula ankafuna kudziwa za ulendo wonse, ndipo adauzidwa za kukongola kwa galimoto.

Ganizo lenilenilo silidafe. Lidangovula dzina ndi kutsika mtengo. American Express idagwiritsa ntchito ART pomanga pologalamu yothandiza antchito ake kuvomereza kapena kukana kugula kwa pa khadi, ndipo ntchito za mtundu umenewu, zokhala ndi malamulo omveka ndi zobwerezedwa kambirimbiri pa tsiku, ndi zimene zidapirira. Kampani yaing'ono ya Neuron Data, imene idayamba m'chaka cha 1985 ndi chigoba chotchedwa Nexpert choyenda pa makompyuta wamba, idaleka kutchula za makina oganiza n'kuyamba kugulitsa zimene idati ndi malamulo a bizinesi. Idasintha dzina n'kukhala Blaze Software, idadutsa m'manja angapo, ndipo m'chaka cha 2002 katundu wake adafika ku kampani ya Fair Isaac, yoyeza za ngongole. Masiku ano munthu akapempha ngongole ku banki yaikulu kapena chipukuta misozi ku kampani ya inshuwalansi, kawirikawiri pempho lakelo limayamba ladutsa m'malamulo a "ngati" ndi "ndiye kuti", ndipo palibe amene amawatcha nzeru za makina. Dzina limenelo lidasamukira ku mapologalamu a mtundu wina, ophunzira okha kuchokera ku zitsanzo zankhaninkhani, amene safuna munthu wapakati koma amavutika kufotokoza chifukwa cha yankho lawo, chinthu chimene MYCIN inkachita mosavuta.

CLIPS, chigoba chosauka chija cha ku Houston, chidamasulidwa kukhala cha aliyense m'chaka cha 1996, ndipo wophunzira wokhala ndi intaneti angathe kuchitenga lero osalipira kanthu. Za Symbolics, chimene anthu ambiri amakumbukira ndi chakuti pa 15 March 1985 idalembetsa symbolics.com, dzina loyamba pa intaneti lothera ndi .com. Dzinalo lidagulitsidwa m'chaka cha 2009 kwa kampani yochita malonda a maina.